Banki yandikaniza ngongole ya nyumba osanena chifukwa, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, zaka 9 tsopano, ndipo malipiro anga amadzera ku banki. Ndinapeza nyumba yogulitsa ku Luchenza, ya lizi kale. Ndinapempha ngongole ku banki yomwe ndimasungako ndalama, n'kupereka mapeyisilipi, kalata ya kuntchito ndi chiphaso cha unzika. Patatha masabata asanu angondiimbira kuti sizinatheke. Nditafunsa chifukwa, sanandiuze kanthu. Mtima ukundiwawa, ana anga akulira m'nyumba za lendi.

Chomwe ndikukayikira ndi ichi: chaka chatha amayi atadwala ndinachedwa miyezi iwiri kubweza ngongole ya ku SACCO, komanso kangongole ka pafoni ka K15,000 ndinabweza mochedwa. Zonse ndinamaliza ndithu. Kodi tinthu totere timaonekabe ku Credit Data CRB, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu? Lipoti langa ndingalipeze bwanji, ndipo likakhala ndi zolakwika amakonza? Nanga banki ikakana kufotokoza, Reserve Bank of Malawi imalandira dandaulo lotere?

Eni nyumba andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno. Ndithamangire ku banki ina pompano, kapena ndiyambe ndaona kaye lipotilo?