Thandizeni nzeru: geni yanga yalowa pansi chitulukire Britain mu EU

Abale pagulu pano, ndithandizeni. Ndimakhala ku Dundalk kuno ku Ireland, ndimagulitsa zitenje, mesh ndi mafuta atsitsi pakhomo. Kale ndinkapikula ku Manchester: ndalama kutumiza Lolemba, pofika Lachinayi katoni ili pakhonde, opanda pepala lililonse. Britain inatuluka mu EU pa 31 Januwale 2020, koma moto weniweni unabuka mu Januwale 2021 malamulo a kasitomu atayamba kugwira ntchito. Pano katoni iliyonse ndimalipira VAT ya 23 peresenti polowa, kuonjezapo ya kampani yonyamula katundu yolembera mapepala. Ndinkamva kuti pangano la zamalonda la Britain ndi EU linachotsa msonkho, osadziwa kuti limakhudza zopangidwa mu Britain momwemo basi. Zitenje zanga n'zosindikizidwa ku India, ndiye msonkho sulephera.

Mwezi watha katoni inatsakamira masabata awiri. Mayi amene anaodetsa zitenje za chinkhoswe cha mwana wawo anatopa kudikira, n'kukagula kwina. Ndinalira ndithu. Voti ya 2016 yoti Britain ituluke mu EU ija dziko lino silinaponye nawo, koma ululu wake tikuumva ndife.

Tauni ya Newry ku Northern Ireland, komwe ndi mbali ya UK, ili pafupi, mphindi 20 pagalimoto, ndipo pamsewu palibe chipata. Kodi ndizitumizira katundu kumeneko n'kumakatenga ndekha? Kapena ndisiyane nayo Manchester?

Bambo a ku Cork: Achemwali, samalani. Kusowa kwa chipata kusakunyengeni. Common Travel Area, ndondomeko yolola anthu kuyenda momasuka pakati pa Ireland ndi Britain, ndi ya nzika za maiko awiriwa. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, khadi ya IRP yokulolani kukhala mu Ireland sikulowetsani ku Northern Ireland, pakufunika viza ya UK.

Mayi a ku Drogheda: Komanso pansi pa Windsor Framework ya 2023, pangano la Britain ndi EU pa malonda a ku Northern Ireland, njira yopepuka yolowetsera katundu wochoka ku Britain ndi ya katundu wothera ku Northern Ireland konko. Wodutsira kubwera kuno kudzagulitsidwa amalipiridwa zonse. Ine ndinasamukira kwa opikulitsa a ku Netherlands. Ndi mu EU momwemo, palibe za kasitomu, ndipo masiku ano malole ambiri akukwera sitima zochoka ku France molunjika kudzafika padoko la Rosslare kuno ku Ireland, osadzeranso padoko la Holyhead ku Britain. Mukakakamira Manchester, tengani nambala ya EORI, yokuzindikiritsani ku kasitomu, ku Revenue, bungwe la misonkho la Ireland, muziitanitsa zambiri kamodzi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, za viza sindinaziganizire n'komwe. Mayi a ku Drogheda, nanga ku Netherlands amalola kupikula zitenje 30 zokha, kapena amafuna belo lathunthu? Ndalama zanga n'zochepa.