Thandizeni nzeru pa chithandizo cha PDT cha khansa yapakhungu

Abale, makamaka anamwino ndi madotolo muli muno, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga ndi wachialubino, tikukhala limodzi kuno ku Johannesburg. Pakhosi ndi m'makutu mwake mwatuluka timabala tokhakhala, ndipo dotolo wa khungu wati tina ndi chiyambi cha khansa. Akufuna kumupatsa chithandizo cha PDT (photodynamic therapy), chopha maselo odwala pogwiritsa ntchito mankhwala opaka ndi kuwala kwa nyali.

Akuti amapaka mankhwala a Metvix, n'kuphimba pamalopo kwa maola pafupifupi 3 kuti maselo odwala amwe mankhwalawo, kenako amawalitsa nyali yofiira maselowo n'kufa. Asanawalitse amatha kuunika mumdima ndi nyali ya Wood (nyali yapadera younikira khungu), malo odwala n'kuoneka ofiirira, motero amaona pomwe nthenda yalekezera m'mbali. Vuto ndi kuya kwake. Chotupa chikazama kupitirira mamilimita 2, PDT siikwanira, n'chifukwa chake zipatala zina zimayamba zajambula ndi OCT (makina ojambula mkati mwa khungu ndi kuwala) kapena ultrasound kuti zione kuya kwake.

Nkhawa yanga ili apa: khansa imene imavutitsa kwambiri achialubino ndi yapakhungu ya mtundu wotchedwa squamous cell, ndipo ikazika mizu imafuna opaleshoni, osati nyali. Ndiye kodi tiumirire kuti ayambe ajambula? Kapena kujambulako sikokwanira, n'kofunikabe adule kanyama kokayeza? Ndalama zathu n'zochepa, sitingakwanitse zonse ziwiri.

Amene munalandirapo chithandizochi, ululu wake umapiririka? Komanso akadzabwerera kumudzi, ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central amachita zimenezi?