CBT kapena uphungu wongokambirana, ndi iti ingathandize manthawa?

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Lilongwe, chaka chatha tsopano ndikuvutika, mtima umangoyamba kugunda mothamanga, thukuta, kubanika, kumamva ngati ndifa pompo. Minibasi sindikweranso, kumsika ndinasiya, olo kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Kuchipatala anandiyeza mtima ndi shuga zonse zili bwinobwino, akuti ndi panic disorder (mantha aakulu ongobwera mwadzidzidzi) ndi agoraphobia (kuopa malo ovuta kuthawamo mantha akayamba). Mankhwala a diazepam amangondigonetsa komanso ndikuopa kumuzolowera. Kwa mlangizi ndapitako ka 6, timangokamba za ubwana wanga, ndimapepukidwa ndithu koma mantha ali pompo. Ndamva za CBT (cognitive behavioural therapy, uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita) yoti amakuzoloweza pang'onopang'ono malo omwe umawaopawo, mpaka kukupumitsa mothamanga dala kuti thupi lizolowere, zomwe zikundiopsanso. Alipo anayesapo njira ziwirizi? Inakuthandizani ndi iti, ndipo munapita kangati musanaone kusintha?