Kodi kulandira alendo kuli pati m'mbiri ya chipulumutso?

Mkulu wa mpingo, Chawama:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru. Mumpingo mwathu mwafika mayi wothawa nkhondo ku Congo pamodzi ndi ana ake, ndipo titakhala pansi ngati akulu a mpingo tinagawikana pa nkhani yomulipirira nyumba. Ena anati tinapulumutsidwa mwa chisomo osati ndi ntchito, choncho mpingo uzilalikira, za othawa kwawo n'za boma ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Ena anati thumba lathu lachifundo silikwanira ngakhale amayi amasiye amene takula nawo. Kodi kulandira mlendo n'kofunika pa chikhulupiriro chathu, kapena ndi ntchito yabwino chabe imene tingaichite tikakhala nazo?

Abusa opuma, Matero:
A mkulu, amene anatchula chisomo sanalakwe, koma anawerenga Aefeso 2:8-9 n'kuima, pamene vesi 10 ikunena kuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino, ndipo vesi 19 ikutikumbutsa kuti ife a mitundu ina tinali alendo tisanalowetsedwe m'banja la Mulungu. Mbiri yonse ya chipulumutso imayenda ndi anthu a pa ulendo. Abrahamu anaitanidwa kusiya dziko lake, ndipo uthenga wakuti Sara adzabala mwana chaka chotsatira anaumva ku Mamre akupatsa chakudya alendo atatu. Aisraele atatuluka mu ukapolo, lamulo la pa Levitiko 19:33-34 linawauza kukonda mlendo monga adzikondera okha, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: iwonso anali alendo ku Ejipito. Taonani kuti Mulungu anayamba wawaombola, lamulo linabwera pambuyo. Rute Mmowabu anakunkha m'munda wa Boazi chifukwa lamulo linasiyira alendo ndi amasiye zotsalira za m'munda, ndipo mkazi ameneyu ali mu mzere wa makolo a Yesu pa Mateyu 1:5. Yesu mwini, ali khanda, anathawitsidwira ku Ejipito poopa Herode. Choncho sitilandira mlendo kuti tigule chipulumutso, koma ndimaopa mpingo umene unalandiridwa kwaulere n'kumatsekera ena chitseko, pakuti pa Mateyu 25 Ambuye akudziika yekha m'malo mwa mlendoyo.

Amayi a Chigwirizano, Kanyama:
Abusa, ndikuvomereza zonse mwanenazi, koma amene anadandaula za amasiye tisawayese ouma mtima. Zikagamulidwa ndi akulu, amene amaphika, kuchapa ndi kugona pansi kuti mlendo agone pa bedi ndife amayi, nthawi zambiri m'nyumba ya zipinda ziwiri imene madzi amalowamo dzinja lililonse. Dandaulo lotere linabukanso mumpingo woyamba, pa Machitidwe 6, pamene amasiye olankhula Chigiriki ankaiwalika pogawa chakudya. Atumwi sananene kuti anthuwo akhute ndi ulaliki, koma anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oyang'anira ntchitoyo. Inunso a mkulu, sankhani anthu, lembani amasiye anu ndi mlendoyo m'buku limodzi, ndipo mpingo wonse udziwe zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Mumufunsenso mayiyo ntchito imene manja ake amadziwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwina mpamba wochepa wa malonda ungamuthandize kuposa lendi ya mwezi umodzi.

Mphunzitsi, komboni ya George:
Ine nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa cha zimene tinaona mu Epulo 2016, pamene mphekesera zakuti anthu a ku Rwanda ndiwo ankapha anthu zinachititsa kuti masitolo awo athyoledwe m'makomboni athu a mu Lusaka. Ambiri anathawira ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius, ndipo anasungidwa kumeneko. Zimenezi zinachitika mu Zambia, dziko limene Pulezidenti Chiluba analengeza mu 1991 kuti ndi lachikhristu, ndipo sindikhulupirira kuti onse amene ananyamula katundu wa eni ake anali anthu osapemphera. Komatu dziko lomweli lakhala likusunga othawa kwawo ku Mayukwayukwa kuyambira 1966 ndi ku Meheba kuyambira 1971, ndipo ife a kum'mawa tikukumbukira abale a ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi nthawi ya nkhondo ya kwawo.

Pa mawu akuti zimenezi n'za boma, mbali ina ndi yoona, chifukwa mpingo sungapereke mapepala. Wothawa kwawo amayenera kulembetsa ku ofesi ya Commissioner for Refugees, ndipo kuti akhale m'tauni osati m'malo osungirako othawa kwawo pamafunika chilolezo. A mkulu, musanamalize za nyumba, mmodzi wa inu aperekeze mayiyo ku ofesiyo, makamaka wodziwa Chiswahili kapena Chifalansa ngati alipo mumpingo, kuti ana aja athe kuyamba sukulu mayi awo asakuopa kugwidwa.