Zoonjezera pa mayina a mu Mateyu 1

Funso ndi lakuti: mayina ngati Aminadabu, Salatiyeli ndi Zerubabele, amene timawalumpha powerenga mzere wa makolo a Yesu, anachokera kuti?

Ambiri ndi achihebri, ndipo ena ndi chiganizo chathunthu. Salatiyeli ndiye kuti "ndinapempha kwa Mulungu", monga kwathu kuno timatchira mwana Pemphero. Aminadabu ndi "m'bale wanga ndi wowolowa manja". Mwana wake wamkazi Eliseba anakwatiwa ndi Aroni (Eksodo 6:23), choncho Nasoni, mwana wamwamuna wa Aminadabu yemwenso anali mtsogoleri wa fuko la Yuda m'chipululu muja, anali mlamu wa Aroni, mkulu wa ansembe.

La Perezi, amenenso ali mu mzerewu, lili ndi nthano yake pa Genesis 38. Tamara pobereka mapasa, mmodzi anatulutsa dzanja, mzamba namumanga kaulusi kofiira, koma mnzake, Perezi, anam'pitirira n'kuyamba kubadwa. Dzinali likunena za kung'amba potulukira.

Zerubabele yekha ndiye anandidabwitsa. Gwero lake ndi chilankhulo cha Akkad, chimene ankalankhula ku Babulo, osati Chihebri, ndipo tanthauzo lake ndi "mbewu ya Babulo". N'zomveka ndithu, poti ndi wa m'badwo wa ukapolo, amene anabwerera n'kutsogolera ntchito yomanganso kachisi ku Yerusalemu.