Thandizeni abale, Zoom yandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala wa ku Joni

MayiWaKilombero

Moni nonse muno. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine geni yanga ndi ya mpunga wa Kilombero, ndimakapikula ku Karonga nkudzapakira kuno ku Lilongwe m'mapaketi a 2kg ndi 5kg. Mwezi wathawu alamu anga omwe ali ku Joni anandilumikizitsa ndi bambo ena ali ndi mashopu awiri a zakudya zakumudzi, makasitomala awo ambiri ndi aMalawi anzathu. Bambowo anati asanatulutse ndalama iliyonse akufuna tikambirane pa Zoom, andione ine komanso aone katunduyo.

Nde Lachiwiri lapitali tinakumana. Abale inu. Linki ndinapanga ndine mothandizidwa ndi mwana wanga wa Fomu 3, laputopu ili pa tebulo, intaneti tikutenga pa foni yanga. Mphindi khumi zoyamba zinangothera pa "mukundimva? ine ndikukumvani koma inu mukundimva?" kenako atayamba kundimva akuti sakundiona, ndikungooneka chimthunzi chakuda bii. Tangolowa kumene pa nkhani ya mtengo mwana wa aneba walowa osagogoda kudzabwereka sefa, tambala naye panja ngati wamutuma munthu. Chomwe chinandimaliza, tili pakatikati pokambirana za thiransipoti, Zoom yangotseka yokha phaa. Ine kumayesa ndi netiweki, kuzimitsa foni kuyatsanso, pomwe ndimati ndibwerere meseji yalowa kuti bandulo yanga ya 2GB yatha, chonsecho ndinaigula m'mawa womwewo.

Bambowo anangolemba pa WhatsApp kuti tidzayesenso Lachisanu la sabata yamawa, koma kalembedwe kake mmm, kanali kozizira. Nde funso langa, inu amene mumapanga ma miting'i otere tsiku ndi tsiku mumatani kuti zisamadukeduke? Ndilipire Zoom yolipirayo kapena pali ina yabwinoko? Nanga data imafunika yochuluka bwanji, chifukwa 2GB kutha osakwana ola limodzi ine sindikumvetsa.

WaMawaya_BT

Mayi musadandaule kwambiri, zomwe mwafotokozazi palibe chachilendo ngakhale chimodzi. Kutseka kuja sinali netiweki. Zoom yaulere imadula ikakwana mphindi 40 basi. Kale ikakhala ya anthu awiri okha sinkadula msanga choncho koma kuyambira 2022 anasintha, kaya muli awiri kaya muli 50 ndi 40 yomweyo. Imaonetsa kawotchi pakona mphindi zikatsala zochepa, kungoti munthu ukakhala pa nkhani ya ndalama suyang'ana pakona kkkk. Ikaduka sipafunika kuzimitsa foni.

Kulipira ine ndingati ayi, miting'i imodzi pamwezi mulipirirenji madola, forex yake yovutayi. Malire a nthawi amatengera akaunti ya yemwe waitanitsa miting'iyo, ndiye ngati bambowo ali ndi yolipira auzeni atumize linki ndi iwowo, inu mungolowa. Apo ayi pangani pa Google Meet, ngati muli ndi Gmail muli nayo kale. Mukakhala awiri okha simuda nkhawa ndi nthawi, mukakhala atatu kupita m'tsogolo ndi pomwe imadula pa mphindi 60.

Za data ndikukaikira laputopuyo osati Zoom. Vidiyo wamba ya anthu awiri pa Zoom imadya pafupifupi theka la GB pa ola, mukatsegula HD ndi pomwe imadutsa 1GB. Mawu okha opanda kamera ndi tinthu tochepa, sizifika ndi 100MB pomwe. Nde 2GB pa mphindi 40 pali wina amadya nawo mbale imeneyo. Laputopu ya Windows ikangoona Wi-Fi imayesa yafika paukwati, imayamba kukoka ma update ake mwakachetechete, makamaka ngati yakhala nthawi osalumikizidwa. Muuzeni mwanayo alowe pa settings za Wi-Fi ya foni yanuyo atsegule pomwe alemba kuti metered connection, akatero imadziletsa. HD nayo aichotse mu settings za vidiyo pa Zoom.

China chomwe anthu sachidziwa, foni yomwe ikupereka intanetiyo munthu akangoimba, m'mafoni ambiri data imatsika kapena kuima kumene mpaka kuimbako kuthe. Ndiye ngati muli ndi kafoni kena, SIM ya bandulo ikhale ina, yomwe achibale akumudzi saidziwa. Muiike pa windo pomwe netiweki imakoka bwino, ikhale yodzadza kale chifukwa kutchaja uku ikugawa intaneti imatentha ngati mbaula. Ndipo mawu akayamba kudukaduka zimitsani kamera, mawu amabwerera pompo.

AnkoloAkuJoni

Achemwali bwanji osangoimbirana pa WhatsApp vidiyo? Anthu a mashopu kuno ambiri ndi zomwe amagwiritsa, Zoom amangoitchula kuti zioneke zaofesi. WhatsApp siidula pa 40 ndipo muli kabatani kochepetsa data poimba, pitani pa storage and data mukaona. Ubwino wina nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi palibe zowerengetsera. Koma musawaimbire Lachisanu madzulo kapena kumathero a mwezi, shopu imakhala yodzadza munthu amakuyankha maso ali pa thilu. Cha m'ma 10 m'mawa pakati pa sabata ndiye bho.

NaMaoda

Ine ndigwirizana ndi achimwene a mawayawo pa zonse kupatula pa kuzimitsa kamera. Pa miting'i ya ku ofesi yomwe anthu 20 akumvera bwana akuwerenga lipoti zimitsani ndithu, palibe akufuna nkhope yanu. Koma apa bambowa anena okha kuti akufuna akuoneni ndi katundu yemwe. Munthu ali kutali makilomita onsewo, sanakuonenipo, akufuna atumize ndalama zake kwa mayi amene wangomva kwa mlamu wake. Chomwe akugula pa miting'i yoyambayi si mpunga, akufuna mtima wake ukhale pansi. Mukazimitsa kamera nthawi yomwe akufunsa kuti matumba alipo angati, iye m'mutu mwake zimabwera zina.

Ine ndimaoda nsalu ndi nsapato ku Guangzhou ndi ku Dubai, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi, ndipo maulendo awiri okha ndi omwe ndinakwera ndege. Zina zonse ndi pa vidiyo. Ndinaphunzira movutika kuti laputopu pa tebulo siithandiza pa geni ya katundu wogwirika. Tengani foni m'manja, lowani nayo mosungira katundumo, tembenuzani kamera. Wa ku China amene ndimagula kwa iye ndimamuuza kuti tsegula katoni iyo, ayi osati imeneyo, yapansiyo, pinda nsapatoyo ndione soli. Inunso chitani chimodzimodzi musanauzidwe. Masulani thumba lomwe iwo aloze, tapani mpunga m'manja muuyandikitse pa kamera aone kuti ndi wautali, siwosweka, mulibe miyala kapena anankafumbwe. Ikani paketi pa sikelo aone 5kg ikukwana. Fungo lokha la Kilombero ndi lomwe silidutsa pa foni kkkk.

Za mdima zija ndikhulupirira munakhala windo lili kumsana kwanu. Kamera ikaona kuwala kumbuyo imakudetsani inuyo. Tembenukani, windo likhale kumaso. Ndipo gulani ma earphone a waya a pamsika omwewa, amene ali ndi kamaiki, mawu amamveka bwino kuposa maiki ya laputopu yomwe imatola ndi tambala yemwe.

Mukadzakula nkuyamba mayiko ena mudzaona kuti aliyense ali ndi njira yake. Ku China WhatsApp ndi za Google zonse ndi zotsekedwa, kumeneko ndi WeChat, ndipo ali patsogolo ndi maola 6, ine ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti ndiwapeze isanakwane nthawi yawo ya nkhomaliro. Ku Dubai meseji ya WhatsApp imadutsa koma kuimba ayi, ambiri amakuuza kuti tsitsa Botim, iwo ali patsogolo ndi maola awiri. Mchemwali wanga wa ku Leeds ndiye amandisokoneza chaka chilichonse, miyezi ina timasiyana ola limodzi miyezi ina awiri chifukwa amasintha mawotchi awo mu March ndi mu October. Ngakhale a ku Dar es Salaam apafupi pompa ali patsogolo ndi ola, ndinaphonyapo miting'i ndi ejenti chifukwa cha ola limenelo.

Koma chachikulu chomwe ndinalowera muno ndi ichi mayi. Mukangotsitsa foni, musanamwe ndi madzi omwe, lembani meseji: tagwirizana matumba mwakuti, mtengo mwakuti, mu kwacha kapena mu rand, thiransipoti alipira uje, za pa boda alipira uje, dipoziti ilowa tsiku lakuti. Iwo ayankhe kuti eya. Ine ndinaluzapo ndalama zoti ndikanagula nazo fuliji chifukwa pa vidiyo tinamvana mtengo wofikitsa katundu kuno, mawu akudukaduka tonse tikungogwedeza mitu, katundu atanyamuka mnzanga akuti iye amanena mtengo wa pa fakitale. Unali mlandu wopanda mboni. Panopa ngakhale tiseke bwanji pa kamera, chosalembedwa ine sindichiwerengera.

Kabaza_Dolo

Tambalayo muphereni alendo nkhani ithe kkkkk. Koma zoona, ine abwana anga anaiwala kutseka maiki pa Teams nkuyamba kukalipira mwana za ndiwo, ofesi yonse mpaka a ku Mzuzu kumvetsera. Dziwani pomwe pali batani la mute musanadziwe china chilichonse.

GogoWaGeni

Mwana wanga, ine ndine wakale, ndayenda nawo msewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge nthawi yomwe foni inali ya ku positi ofesi. Zanu za makanemazi sindikutsutsa, adzukulu anandiikira ndipo ndimaonana nawo. Koma mpunga ndi chakudya. Tumizani mapaketi awiri kapena atatu pa basi kudzera kwa alamu anuwo, bamboyo akaphike kunyumba kwake, mkazi wake anunkhize. Ndipo alamuwo apite okha pa shopupo akaone ngati ilipodi, chifukwa kumbuyo kwa munthu pa kanema ukhoza kuona mashelefu odzadza koma ali a mwini wake wina. Inu mukuda nkhawa kuti iye akukhulupirireni, nanga inu mwamukhulupirira pati? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katundu asachoke dipoziti isanalowe.

WaMawaya_BT

Agogo anena zoona, ndipo zandikumbutsa. Kuli akuba masiku ano amene amaimba nkumati tikukulowetsani mu miting'i ya pa intaneti, tatumiza nambala pa foni yanu tiwerengereni. Manambala 6 amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, mukangowapatsa akaunti yapita ndipo ayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu. Miting'i yeniyeni siifuna kuti muwerengere munthu nambala yobwera pa SMS. Tsegulaniponso two-step verification pa WhatsApp, loko wachiwiri wa akaunti yanu, lero lomwe.

Pa za kamera a NaMaoda mwandigonjetsa, ine ndimaganiza za ku ofesi. Komabe ikafika poti mawu sakumveka kusankha kulipo kumodzi, mtengo umamveka ndi khutu.

MayiWaKilombero

Ndabweranso abale, zikomo nonse. Mwana anayang'ana laputopu ija, inalidi ikukoka ma update, inu a mawaya ndinu asing'anga. Komabe ndinaisiya, ndinatsatira a NaMaoda. Ndinawalembera bambo aja kuti bwanji tipange pa WhatsApp Lachinayi 10 koloko m'malo mwa Lachisanu, anavomera msangamsanga, kuoneka kuti Zoom ija nawonso amachita kuwapangira ndi mwana wawo kkkk.

Dzulo lake ndinayeserera ndi alamu anga, tinapeza kuti mosungira mpunga muja netiweki imathera pakhomo, ukalowa mkati chithunzi chimauma. Nde m'mawa ine ndi mnyamata wantchito tinatulutsa matumba asanu ndi sikelo kuika pakhonde. Magetsi anathima cha m'ma 9 koma foni inali yodzadza, sizinandikhudze. Tinacheza mphindi 25 zokha. Analoza thumba lachitatu, ndinamasula, anati nditape pansi penipeni osati pamwamba, ndinapisa mkono mpaka m'chigongono. Anaseka nkunena kuti mayi awo ankagula chonchi pa msika. Tambala analira kawiri, iwo akuti asiyeni akundikumbutsa kwathu, kani ndi a ku Nkhotakota anapita ku Joni kalekale.

Sitinamalize zonse. Pa mtengo tatsala pang'ono kukumana koma pa thiransipoti tasiyana, iwo akufuna ndilipire ine mpaka pa Beitbridge. Meseji ija ndinalemba pompo ndipo pomwe sitinagwirizane ndinalembanso kuti apa sitinagwirizane, anayankha kuti zili bwino. Agogo, mapaketi atatu anyamuka pa basi Loweruka, ndipo alamu anga akuti apita pa shopupo Lamlungu akachoka ku tchalitchi, osawauza eni ake. A NaMaoda ndikulemberani ku inbox, nkhani ya rand ndi kwacha ija sindinaimvetse bwino kuti ndi iti yomwe ingandipweteke ndalama ikagwa katundu ali m'njira.