Uta wa malemu agogo walembedwa 1953, ndi wa chaka chimenecho eti?

Wa ku Chibavi:
Moni nonse. Ngati muno muli odziwa za mauta ndithandizeni chonde. Sabata yatha timakonza denga kunyumba ya malemu agogo, malata anayamba kudontha ndi mvula yathu ya ku Mzuzu yosamva kukata ija, ndiye mu siling'i tapezamo uta wokulungidwa m'bulangete lakale. Si uta wosema wakumudzi ayi, ndi wachizungu, kutalika kwake pafupifupi msinkhu wanga, nsonga zonse ziwiri zopindikira kutsogolo, pogwirira pake thabwa lonenepa losalala bwino lamitundu iwiri. Nsinga palibe, mivi palibenso.

Zomwe ndatha kuwerenga ndi izi. Pali kandalama kachikasu komira m'thabwamo kali ndi chimbalangondo, penapake palembedwa Bear Archery, Grayling, Michigan, ndiye pali mawu oti Canada 1953. Pambali pa chogwirira analemba pamanja AMO 66", kenako 34#, ndi nambala yaitali yoyamba ndi 9. Panalinso dzina lina koma lafufutika. Mayi akungoti agogo anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankamuphikira, basi nkhani yathera pompo. Ndiye kodi utawu ndi wa 1953? Komanso ndikufuna ndimangepo chingwe cha nayiloni ndiuyese kuseri kwa nyumba, pali vuto?

Dada wa pa Katoto:
Nanga si mwaziwerenga nokha achimwene, 1953 yomweyo, chaka chomwe chinayamba chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Azungu anali mbwee nthawi imeneyo, wina anabwera nawo kudzasakira nyama ku Nyika kapena ku Vwaza. Sungani bwino, ndi chuma chimenecho kkkk

Mphunzitsi wopuma, Luwinga:
Adada a pa Katoto pepani ndikutsutsani pang'ono, msampha wake ndi womwewo ndipo umakola anthu ambiri. 1953 imeneyo ndi chaka cha patent, kutanthauza chaka chimene kampani inalembetsa ku Canada kuti kapangidwe kameneka ndi kake. A Bear anapitiriza kudinda mawu omwewo pa mauta awo mpaka cha mu 1972, ndiye uta wa 1958 ndi wa 1970 onse akuuzani 1953. Zili ngati botolo lolembedwa chaka chomwe kampani inayamba, sindiye kuti zakumwa zili m'katimo ndi za chaka chimenecho.

Mwanawe wa ku Chibavi, wachita bwino kulemba zonse, chifukwa zaka za uta sitiwerengera chizindikiro chimodzi, timaphatikiza. Tiye nazo. Grayling ikutiuza kuti unapangidwa kampani isanasamukire ku Gainesville, Florida mu 1978. Kandalamako anayamba kuika mu 1959, apa 1953 yagwa kale. Ndipo chitsulo chake chinkasinthasintha, poyamba kopa, kenako aluminiyamu, kenako pewter, ndiye brass yachikasu ija kuyambira 1963 mpaka 1970. Ukuti nkomira m'thabwa, zikugwirizana, chifukwa kotumphukira pamwamba kanabwera cha mu 1972. AMO linali bungwe la opanga mauta ku America limene linakhazikitsa muyezo umodzi mu 1968, uta wolembedwa AMO sungakhale wakale kuposa pamenepo. Chomaliza ndi nambala. Kuyambira 1965 mpaka 1969 a Bear ankayamba nambala ndi digiti yomaliza ya chaka, 5 ndi 1965, 7 ndi 1967, choncho choncho, pofika 1970 anayamba kutsogoza chilembo K. Yako ikuyamba ndi 9, kandalama nkachikasu, AMO ilipo. Ine ndikuti 1969, Malawi atalandira kale ufulu, chitaganya chitatha kalekale mu 1963.

Za kusaka nazonso ndikukana. Mainchesi 66 ndi mapaundi 34 si uta wa m'tchire. Wosakira umakhala wamfupi kuti usakole m'mitengo, mainchesi 52 mpaka 60 ndiwo ambiri, ndipo umalemera kukoka, mapaundi 45 kupita m'mwamba. Wautali wopepuka chonchi ndi wolasira chandamale pabwalo, munthu aponye mivi yambiri tsiku lonse mkono osafa. 34# ija ikutanthauza kuti ukakoka nsinga kufika mainchesi 28 ukulimbana ndi mapaundi 34, makilo 15 ndi kanthu. Nthawi imeneyo a Bear anali ndi mauta a chandamale monga Tamerlane, Temujin ndi Tartar. Unika ndi tochi ya foni chopendeketsa pomwe pafufutikapo, nthawi zina zilembo zimaonekabe pansi pa vanishi, kenako usake catalog ya Bear ya 1969 pa intaneti ufananize maonekedwe a chogwirira.

Mayi wa ku Mchengautuwa:
Aphunzitsi mwalongosola bwino zedi, ine ndabwerera nkhani ya chingwe cha nayiloniyo basi. Achimwene MUSAYESE. Uta umenewo ndi timatabwa topyapyala tomatidwa ndi fiberglass kutsogolo ndi kumbuyo, chogwira zonsezo ndi guluu wazaka zoposa 50, ndiye wakhala mu siling'i pansi pa malata, masana kutentha usiku chinyontho, mukudziwa nokha mmene zinthu zimachitira nkhungu kuno. Guluu akatopa uta umasiyana pakati uli chikokere ndipo chimene chimapezeka pafupi ndi nkhope yanu. Mlamu wanga ali ndi kachipsera pachibwano chifukwa cha uta wa pa kaunjika, anaukoka tsiku lomwe anaugula.

Yambani kuuyang'ana kaye. Yendetsani thonje m'mbali monse, likakodwa penapake ndiye kuti fiberglass yayamba kutukuka. Timizere toyenda chautali mu vanishi kawirikawiri si toopsa, koma mng'alu wodutsa chopingasa kapena mpata pakati pa thabwa ndi fiberglass, basi upachikeni pakhoma ukhale chikumbutso. Muuyang'anenso kuchokera kunsonga ngati mmene kalipentala amaonera thabwa, muone ngati sunapotoke. Nsinga yake ikhale ya ulusi wotamukako wa Dacron, mtundu wotchedwa B50, osati za masiku ano ngati Fast Flight chifukwa sizitamuka, zimadula nsonga za mauta akale. Kutalika kwa nsinga kuchepere ndi mainchesi 3 kapena 4 pa 66 paja. Pomanga gwiritsani stringer, chingwe chothandizira kupinda uta pokoleka nsinga, zopinda uta mouponda ndi mwendo zija ndi zomwe zimapotoza. Ndipo osakoka nkusiya popanda muvi, ngakhale kamodzi, ana a pakhomo muwauziretu.

Dada wa pa Katoto:
Ayi ndagonja aphunzitsi kkkk. Koma funso, uta wolasira chandamale umadzatani ku Mzuzu 1969? Mpikisano wake unali kuti?

Mphunzitsi wopuma, Luwinga:
Apo mpamene nkhani ikukomera adada, ndipo yankho lake silili pa utawo. 1969 ndi chaka chopangidwa, kufika kuno mwina unafika patapita zaka. Kunjako masewerawa anali atagwira moto nthawi imeneyo, mpaka anabwereranso ku Olympics ya ku Munich mu 1972 atasowako kuyambira 1920, John Williams ndi Doreen Wilber a ku America ndi amene anatenga golide. Ndiye munthu wokonda zimenezi akamabwera kudzagwira ntchito kuno sakanausiya kwawo, chandamale angoika paudzu kuseri kwa nyumba. Poti uta ndi wa ku America ine ndingayambe kuganizira aphunzitsi a Peace Corps, anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, kapena a mishoni. Mwanawe, funsa mayi ako ndi azakhali kuti agogo ankaphika kuti ndipo zaka ziti, mzunguyo ankagwira ntchito yanji. Uone m'sutikesi ya agogo, ophika akale ankasunga makalata a umboni omwe mabwana ankawalembera pochoka, pamakhala deti ndi siginecha. Ndipo usapale vanishi kapena kupukuta ndi thinner pomwe pali zolemba pamanjazo, zikachoka umboni wapita.

Wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri nonse, nayiloni ndabweza pa chingwe choyanikira zovala. Ndaunika ndi tochi usiku uno monga mwanenera aphunzitsi, chilembo choyamba chikuoneka ndi T koma mayina atatu onse mwatchula aja akuyamba ndi T ndiye ndaseka ndekha. Thonje lakodwa malo amodzi kufupi ndi nsonga yapansi, mawa kukawala ndijambula ndiponye pano mayi a ku Mchengautuwa muone. Sutikesi ya agogo ili kwa azakhali ku Ekwendeni, ndipita Loweruka minibasi ikapezeka.